Mmene Chikho Chinakanira a Blackson

Pa doko lathu, kumpoto kwa Malindi pa msewu wopita ku Makanjira, panalibe siginala woposa a Blackson. Siginala ndi munthu amene amakhala yekha m'bwato la nyali, maso ali m'madzi, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala. Ukasonkhana, iye ndiye amauza alovi a m'boti kuti aponye chilimira, ukonde waukulu uja. Akafulumira kapena akachedwa, amuna onsewo amakoka madzi okhaokha. A Blackson sankalakwitsa kawirikawiri. Ankati usipa umamveka usanaoneke.

Ine ntchito yanga ndi yosoka maukonde pansi pa mkuyu wa pa doko, ndipo pamenepo munthu amaona zambiri. Ndinawaona a Blackson ali mnyamata wopalasa bwato la amalume awo. Ndinawaona akukwatira a Keti. Ndinawaonanso m'zaka zija nyanja idakali yopatsa.

Masiku amenewo nyali zinali zopopa, za parafini, ndipo siginala ankadziwika ndi fungo lake ngakhale atasamba ndi sopo wonunkhira. M'mawa maboti ankabwera atalemedwa, madzi ali pafupi kulowa. Amayi ankathamanga ndi mabeseni. Thandala lililonse linkadzaza, usipa wotsala n'kuyanikidwa pamchenga, mpaka agalu a pa doko ankangoununkhiza n'kudutsa. A Blackson ankatsika m'bwato maso ali psuu ndi utsi, akuimba nyimbo za m'buku la kutchalitchi ndi mawu awo aakulu a besi.

Mwini chilimira anali Che Bakali, Msilamu wa kofia yoyera, munthu wosatha nthabwala.

"Iwe Blaki," ankatero, "nsomba zakozi ndi za Chianglikani. Zimabwera ukaimba."

"Ndiye musadye, Che Bakali. Mungabatizike."

"Ndidya. Zikafika m'mimba mwanga zisilamuka zokha."

Ife a Anglikani pano tilipo ochepa. Tchalitchi chathu ndi kanyumba ka njerwa, mabenchi owerengeka, belu lake chitsulo cha gudumu la lole. Wansembe amabwera kamodzi pa mwezi pa njinga yamoto, ndipo tsiku limenelo pamakhala Mgonero. Timagwada kutsogolo, kulandira mkate, kenako vinyo m'chikho chimodzi chimene tonse timamwera. Pa anthu ochepa chotere, aliyense amadziwa amene wagwada ndi amene watsala pa benchi.

Chaka china, nyengo ya mwera, boti la Che Bakali linagubuduzika pobwerera kumtunda. Alovi anasambira n'kukangamira bwato la nyali, onse kupatula mmodzi. Ameneyo anali Jeffrey, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Benedicta a m'tchalitchi mwathu momwemo. Mtembo wake unapezeka m'bango patapita masiku. Mwezi wotsatira usipa unagwidwa wochuluka kuposa kale lonse, ndipo chilimira cha Che Bakali chinaposa zonse pa doko.

Kunyanja kuno munthu sangangopha nsomba zambiri osafunsidwa. Anthu amafuna kudziwa kuti wakhwimira chiyani, ndipo chizimba chake n'chiyani. Palibe amene anatchula dzina mokweza. Nkhani inangogona pansi pa madzi ngati ng'ona.

Siginala amagwira ntchito usiku n'kugona masana. Kugona masana m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala ku Mangochi, n'kovuta ngakhale kwa munthu wa mtima wokhazikika. Chimwalirireni Jeffrey, tulo tinawathawa a Blackson. Anayamba ndi kachasu pang'ono m'mawa uliwonse, amati wotsekera maso. Kenako kunabwera mowa wa m'masacheti uja, wotchipa ngati switi, wolowa m'thumba la malaya. Utayamba kuchepa mphamvu, munthu wina woyala mankhwala pamkeka tsiku la msika anawagulitsa timapiritsi togonetsa tachikasu. Ankamwera kachasu yemweyo. Kamodzi kanasanduka tiwiri, tiwiri tinasanduka todzaza chikhatho.

Zaka zinapita choncho. Ku Mgonero anasiya okha, amati sangagwade pamaso pa Mulungu akununkha. Mawu a besi aja anasasa. Tsiku lina anagona m'bwato nyali zikuyaka, usipa unabwera n'kubwerera, alovi akudikira mawu amene sanamveke. M'mawa mwake Che Bakali anabwera pansi pa mkuyu, anakhala nthawi yaitali osaseka.

"Ndamutsitsa pa nyali," anatero. "Ndikamusiya, tsiku lina tidzapeza bwato lokha."

A Keti ndi mayi wochita zinthu kamodzi. Anasesa m'nyumba monse, m'matumba a majekete, pansi pa matiresi, kudenga, n'kukataya timapiritsi tonse m'chimbudzi. Masacheti anawaboola ndi mpeni pamaso pa amuna awo. A Blackson sanakane. Anati nawonso atopa.

Sabata isanathe anagwa pakhonde ngati wakhunyu, thovu lili kukamwa. Tinawakweza pa lole ya nsomba. Kuchipatala adokotala anamvetsera nkhani yonse, kenako anawayang'ana a Keti.

"Mayi, mtima wanu unali wabwino, koma mukanawapha. Mankhwala awa sasiyidwa tsiku limodzi. Munthu akakwera mu mgwalangwa amatsika pang'onopang'ono, sadumpha."

Anawapatsanso timapiritsi tomweto, koma mwa muyeso, n'kumachepetsa mwezi ndi mwezi mpaka tinatha. Sinali nthawi yabwino. Manja ankanjenjemera, m'makutu munkalira, phokoso la injini ya boti linkawadzidzimutsa ngati mfuti. Anayamba kubwera kudzakhala nane pansi pa mkuyu. Msodzi aliyense amadziwa kusoka ukonde, koma zala zawo zinkaphonya maso a ukondewo, ndipo ndinkamasula ntchito yawo iwo akachoka. Sitinkayankhula zambiri. Chaka chitatha, ndinasiya kumasula.

Pa Pasaka anati abwerera ku Mgonero. Anavala jekete la pa ukwati wawo, limene tsopano linkawakulira m'mapewa. Anagwada pakati pa ine ndi a Keti. Analandira mkate. Chikho chitafika anameza pang'ono, monga timachitira tonse, n'kubwerera pa benchi nkhope ili yowala.

Tisanamalize nyimbo yotsiriza ndinaona buku likugwedezeka m'manja mwawo. Thukuta linatsika mpaka kunyowetsa kolala. Anaimirira, anayenda akugwira khoma, ndipo atafika panja miyendo inawakana. Anakhala pansi pafumbi atagwira pamtima, akupuma ngati munthu amene wangovuulidwa m'madzi. Anthu anatuluka n'kuwazungulira.

Mayi Benedicta anaima pakhomo la tchalitchi. Sanakuwe. Anayankhula ngati akuwerenga.

"Mwazi wa Ambuye sungakhale pamodzi ndi mwazi wa mwana wanga."

Ng'ona ija inali itavuuka.

Kunjenjemerako kunatenga masabata. Tulo tinathawanso. Koma zimenezo zinali zochepa poyerekeza ndi za pa doko. Amayi anasiya kugula usipa wa pa thandala la a Keti. Ana ankalambalala nyumba yawo. Pamaliro a Blackson akagwira khasu kumanda, wina ankabwera mwaulemu n'kuwalanda, amvekere pumulani akulu. M'tchalitchi benchi lawo linkatsala ndi malo ngakhale ena ataimirira kumbuyo.

Ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anali omwe aja.

"Vinyo wake anali wochuluka bwanji?"

"Wongonyowetsa lilime, adokotala. Kale ine botolo lathunthu silinkandigwedeza."

"N'chifukwa chake. Thupi limene lamizidwa mu mowa ndi mankhwala ogonetsa kwa zaka zambiri, likatulukamo limakhala ngati khungu lopsa ndi moto. Ngakhale kamphepo kamapweteka. Si inu nokha. Alipo ena otere."

"Nanga limapola?"

"Ena amapola patapita zaka. Ena ayi. Sindikulonjezani. Chimene ndikudziwa n'chakuti chilonda chokandakanda sichipola. Mowa musaukhudze, ngakhale dontho. Mankhwala amadzi a chifuwa muzifunsa kaye. Ndipo chipatala chilichonse chimene mungapite, muzinena asanakubayeni zogonetsa."

Pobwerera pa lole a Blackson anangoti, "Akanabwera kudzanena zimenezi pa doko." Ndinati ngakhale atabwera, anthu sakanamva. Iwo anavomera ndi mutu.

Wansembe wa nthawi imeneyo anali wachinyamata, wochokera ku Zomba. Anabwera kunyumba kwawo n'kukhala pa mpando wa pakhonde kuti anthu aone.

"Bambo Blackson, mkate wokha ndi Mgonero wathunthu. Chikho chikafika, ingopingasani manja pachifuwa, ine ndidutsa. Mpingo umalola."

"Abambo, m'buku zili choncho. Koma pa doko pano, kupingasa manja ndi kuvomera mlandu."

Wansembeyo analalikira za nkhaniyi Lamlungu la Mgonero lotsatira, anafotokoza bwino za thupi ndi mowa. Anthu anamvetsera mwaulemu. Potuluka ankati mwana wa kumapiri angadziwe chiyani za nyanja.

Pa Khirisimasi a Blackson anayesanso. Sanauze aliyense. Ankaganiza kuti tsiku loyamba lija anali mantha chabe, ndipo akalimba mtima chikho chiwalandira, milomo ya anthu n'kutsekeka. Zinaipa kuposa poyamba. Ulendo uno anagwera m'tchalitchi momwemo, ndipo Chaka Chatsopano chinawapeza ali gone.

Ndinapita kukawazonda. A Keti ankayankhula ali kuseri kwa chitseko, koma mawu ankamveka mpaka ku mpanda.

"Bambo a Tikhala, mukufuna mufe kuti mayi Benedicta akhulupirire? Mukafa ndiye adzati chakumalizani. Ine ndinakunyamulani pa lole ya nsomba ngati kampango, sindidzakunyamulaninso. Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Mwamva chiyani?"

"Kuti ndine kampango."

"Musandiseketse, ndakwiya."

Kuyambira pamenepo anayamba kupingasa manja. Akanatha kungokhala kunyumba tsiku la Mgonero, kapena kutsala pa benchi monga ena amachitira. Iwo ayi. Mwezi uliwonse ankapita kutsogolo, kugwada, kulandira mkate, kupingasa manja pachifuwa, chikho n'kuwadutsa tchalitchi chonse chikuyang'ana msana wawo. Ine ndinkagwada pambali pawo, ndipo ndinkamva mmene ankapumira chikho chikamayandikira.

Chaka china Che Bakali anachita sadaka ya malemu bambo awo. Iwo nkhani ya kukhwima ankaitenga ngati chipongwe kwa iwo omwe, popeza chilimira chinali chawo, choncho anawaitana a Blackson n'kuwakhazika pa mkeka wa kutsogolo. Kunali mpunga, nyama ya mbuzi, ndi thobwa. Koma thobwalo linaphikidwa msanga, linagonera m'nyengo yotentha, ndipo linali litayamba kusasa. Enafe tinangoti lakoma. A Blackson anamwa theka la kapu, ndipo mbale zisanachotsedwe thukuta lija linayamba, manja n'kuyamba kuvina.

Che Bakali analawanso thobwalo n'kugwira kofia.

"Astaghfirullah! Ndamwetsa anthu mowa pa sadaka ya bambo anga?" Kenako nkhope yawo inasintha. Anaimirira kapu ili m'manja. "Koma taonani, abale. Onani bwino. Kodi thobwa la mkazi wanga Zena lasandukanso mwazi wa Ambuye? Zena! Unadzozedwa liti unsembe iwe osandiuza?"

Amuna anaseka mpaka ena kutsamwa. Sabata yonseyo Che Bakali ankayenda nayo nkhaniyi pa doko, ku msikiti, pa malo okonzera injini. Ena anayamba kuona kuti mwina adokotala ankanena zoona. Amayi angapo anabwerera pa thandala la a Keti.

Nkhani itafika kwa mayi Benedicta, anayankha mwachidule. "Sadaka ndi chakudya cha akufa. Nawonso amukana."

Ndipo amene anayamba kubwerera aja, ena anasiyanso kugula.

Zaka zinapita. Nyali zopopa zinatha, kunabwera mababu a batire owala ngati masana, ndipo aliyense wokhala ndi batire anasanduka siginala. Maboti anachuluka, usipa unachepa. Masiku ano alovi amapita kutali mpaka mapiri a tsidya lija kuoneka pafupi, n'kubwera ndi mabeseni awiri. Agalu a pa doko anaonda. Masacheti boma linaletsa, koma mowa unangosamukira m'timabotolo. Che Bakali anagulitsa chilimira n'kutsegula kagolosale. Tikhala, mwana wa a Blackson, anakwatiwa ku Mangochi kutauni, kumene nkhani za pa doko sizinafike.

A Blackson anakhalabe pansi pa mkuyu. Kusintha kwawo kunali kwa pang'onopang'ono, kosaoneka ndi maso a tsiku limodzi. Poyamba anasiya kudzidzimuka injini ikalira. Kenako anayamba kuwodzera masana atatsamira mtengo, singano ili m'manja, ndipo ine ndinkawasiya. Tsiku lina ndinamva akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Mawu sanali akale aja, koma anali a besi ndithu. Anyamata a mababu ankabwera mozemba kudzafunsa kuti usipa ukamazungulira chonchi ndiye kuti chiyani. Ankawauza. Anyamatawo ankathokoza, koma chakudya cha m'manja mwawo sankalandira.

Chaka chathachi a Blackson anatupa pa chinena, matenda amene amagwira amuna ambiri okoka maukonde, ndipo kunafunika opaleshoni. A Keti anauza aliyense wovala zoyera amene anakumana naye, kuyambira mlonda wa pageti, kuti amuna awo sayanjana ndi zogonetsa. Madokotala anamva. Anawabaya pamsana, n'kuwapatsa zogonetsa pang'ono kwambiri, akuwayang'anira. A Blackson anadzuka, anapempha phala, usiku wake anagona bwinobwino. Kunjenjemera sikunabwere.

Dokotala amene anawatulutsa anati, "Zikuoneka kuti thupi lapola ndithu, bambo. Koma musatenge zimenezi ngati chilolezo. Kumene munachoka n'kutali, musabwerereko."

Atachira anabwereranso pa mkuyu. Tsiku lina mayi Benedicta anadutsa chapatali ndi ndodo, atawerama, akufufuza njira ndi phazi chifukwa maso anayamba kuchita khungu. A Blackson anawatsatira ndi maso mpaka anakhota.

"Mayi aja akalamba," anatero.

Ndinavomera.

"Sindikufuna apite nazo kumanda. Kapena ine ndipite nazo."

Kunyumba kunali nkhondo, poti a Blackson ankafuna kumweranso chikho cha Mgonero. A Keti anati adokotala ananena momveka. A Blackson anati sakufuna mowa, akufuna dzina lawo, ndipo ndi kamodzi kokha. A Keti anati pa Khirisimasi paja analinso kamodzi kokha. Anakangana mwezi wathunthu. Pomaliza a Keti anati chikho agwira ndi iwo pansi pake, ndipo chikangokhudza milomo achikankha, wansembe afune asafune.

"Ndipo mukagwa, ndikusiyani pomwepo. Akunyamuleni mayi Benedicta."

Nkhani siibisika pa doko. Lamlungu la Mgonero tchalitchi chinadzaza ndi anthu amene tinawaona komaliza pa ubatizo wawo. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panakhala Che Bakali ndi anzawo angapo a ku msikiti, amati akungopuma mthunzi. Mayi Benedicta anakhala pa benchi loyamba.

Tinagwada. Mkate unadutsa. Chikho chitafika, manja a a Blackson sanapite pachifuwa. Anakweza mutu. A Keti anagwira tsinde la chikho monga ananenera, vinyo anakhudza milomo, ndipo ndinamva akumeza. M'tchalitchi munali zii, moti phokoso la mafunde linkamveka.

Tinabwerera pa benchi. Palibe amene ankayang'ana wansembe. Nyimbo yotsiriza itayamba anthu ankaimba ndi pakamwa pokha, maso ali pa buku la m'manja mwa a Blackson. Buku silinagwedezeke. Pa ndime yachiwiri besi inalowa, yokalamba, yosasa pang'ono, ndipo inafika mpaka kumapeto. Anatuluka ndi miyendo yawo.

Che Bakali anaimirira pansi pa mango paja. "Iwe Blaki! Sunagwe? Ndiye ife tavutikiranji kubwera?"

"Pepani, Che Bakali. Mubwerenso mwezi wamawa."

Koma anthu sanafulumire. Ena anati zimabwera mochedwa, tidikire. Lolemba anthu ambiri anapeza chifukwa chodutsira pa mkuyu. Lachiwiri chimodzimodzi. A Blackson ankangosoka.

Lachitatu m'mawa mayi Benedicta anabwera okha ndi ndodo yawo. Anaima patsogolo pathu nthawi yaitali. Tinawapatsa moni, anayankha. Kenako anawerama, nkhope pafupi ndi ukonde, kuti aone manja. Singano inkalowa n'kutuluka, mfundo iliyonse pamalo pake.

"Mwagona?" anafunsa.

"Sindinama, mayi. Masiku awiri oyamba tulo tinavuta, mtima unathamangako. Lero ndagona."

"Mudzamwanso?"

"Ayi. Kamodzi kakwana. Thupi ili ndinaliononga ndekha, ndipo landikhululukira mochedwa. Sindiliputanso. Mwezi wamawa mudzandiona nditapingasa manja."

Mayi Benedicta anafufuza muzu wa mkuyu ndi ndodo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Pa zaka zonsezi anali asanakhalepo pamenepo. Anayang'ana kunyanja ngakhale sindikudziwa ngati ankaona kanthu.

"Ndiye kuti mwana wanga anangomira basi?"

A Blackson anaika singano pansi.

"Unali mwera, mayi."

"Mwera wokha?"

"Wokha. Boti linali lodzaza. Funde loyamba linalowa kumbuyo, lachiwiri linaligubuduza."

Ndinaganiza zonyamuka kuti ndiwasiye awiri, koma ukonde unali pamiyendo panga, ndipo kusuntha kukanachita phokoso.

"Anthu onse anandiuza za maliro," anatero mayi Benedicta potsiriza. "Za m'madzimo palibe anandiuza. Inenso sindinafunse. Munamuona?"

"Ndinamuona."

"Anaitana?"

"Anaitana. Osati ine. Ankaitana Oscar, mnzake uja sankadziwa kusambira bwino. Anamukankhira ku bwato langa, ine n'kumugwira Oscar pa malaya. Nditatembenuka kuti ndigwire iyeyo, panali funde."

Mayi Benedicta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anasendera pang'ono pa muzupo, n'kuika ndodo pansi.

"Yambirani poyamba," anatero. "Kuyambira pamene munkanyamuka pa doko. Anavala chiyani?"